Tausi ndi Zitseko za ku Mbenji

M'mawa uliwonse, asanalowe mu ofesi, Tausi Twaibu ankaima pakhonde la khonsolo n'kuvula nsapato ya kumanzere, kuigogoda pa sitepe, kuvalanso, kenako ya kumanja. Mchenga unkagwa pang'ono pokha, ngati mchere wothira m'ndiwo za wodwala. Mlonda wa pageti ankati akanayamba kale kuusesa n'kumausunga, bwenzi atamangira khitchini. Koma Tausi akanatani? Kwawo kunali ku Senga Bay, ndipo kuchoka kunyumba kukafika pokwerera minibasi, njira imadutsa pakati pa matandala oyanikapo usipa. Mchenga wa pamenepo sufunsa kuti wavala nsapato za ku ofesi kapena patapata.

Anabadwira komweko, mwana wa Che Twaibu, msodzi wa ukonde waukulu wa chilimira, ndi mayi Hidaya, ogulitsa mandasi kudoko. Ali wamng'ono ntchito yake inali kuyanika nsomba ndi kuingitsa akhwangwala. Pathandala pomwepo anthu anaona kuti mwanayu ali ndi matenda ake: sankatha kuona chinthu chikuchitika osafunsa chifukwa. Bwanji maboti amakocheza uko pomwe matandala ali kuno? Bwanji amayi amazungulira ndi mabeseni pomwe njira yachidule ilipo? Amayi ake ankangopukusa mutu.

"Iwe, pakamwa pakopo pakanakhala ukonde, bwenzi tili ndi galimoto."

Sukulu anaikakamira ngati nkhupakupa. Mayeso a Fomu 4 analemba kawiri, chifukwa ulendo woyamba masamu anamukana. Atakhoza anapita ku koleji ina mumzinda kukaphunzira za kayendetsedwe ka ntchito za boma. Kumeneko anaphunzira malamulo a makhonsolo, kompyuta, kalembedwe ka lipoti, komanso kukhala pamsonkhano mpaka kutha osagona. Anabwerako ndi dipuloma, nsapato zakuda ndi Chingerezi chimene ankachisiya pakhomo akamalowa m'nyumba ya makolo ake.

Khonsolo italengeza kuti ikufuna munthu wounika kayendetsedwe ka ntchito, zonse zimene ankafuna zinali m'chikwama chake. Ankafuna wa satifiketi ya Fomu 4 ndi dipuloma kapena digiri, wodziwa kompyuta, wotha kulemba lipoti m'Chingerezi n'kukalifotokozanso m'Chichewa pansi pa mtengo. Anamutenga, koma moyesa kaye.

Chovuta chinali kufotokozera bambo ake kuti ntchitoyo ndi yotani.

"Umalemba anthu ntchito?" anafunsa Che Twaibu, uku akusoka ukonde pabwalo.

"Ayi, Ababa."

"Umadula matikiti kumsika?"

"Ayi."

"Nanga umatani tsiku lonse, ndi nsapato zimenezo?"

"Ndimayang'ana pomwe ntchito ikutsimphina. Ndikaona, ndimauza akuluakulu kuti apa tisinthe chakuti."

Che Twaibu anaima kaye kusoka. Pausodzi wa chilimira pamakhala munthu mmodzi amene sakoka ukonde. Iye amakhala m'kabwato kake n'kumayang'ana m'madzi, ndipo akaona kuti nsomba zasonkhana ndiye amauza anzake kuti ponyani. Ameneyo amamutcha siginala.

"Oho," anatero. "Ndiye iwe ndiwe siginala wa boma. Ukanangonena choncho."

Koma panali kanthu kena kamene Tausi sanawauze. Oyesedwa anali awiri, iye ndi Mustafa wa ku Khombedza, pomwe mpando wokhazikika unali umodzi. Mustafa sanali mdani. Ankagawana chinangwa chowotcha masana, ndipo pakompyuta iye ndiye anali katswiri. Koma mpando sagawana ngati chinangwa. Bwana wawo, a Lenard Kaliza, anali atanena poyera kuti aliyense aonetse ntchito imodzi yogwirika, ndipo pakutha pa nyengo yoyesa adzasankha.

Ndiye inabwera nkhani ya ku Mbenji.

Mbenji ndi chilumba cha pakati pa nyanja, kumene asodzi amakakhala nyengo ya utaka. Chili ndi malamulo ake akalekale: mowa sufika, juga saseweredwa, ndipo mkazi sapondako. Akuluakulu amati wina akaphwanya, njoka zimatuluka m'miyala kudzafunsa. Chaka chimenecho bungwe lina lachifundo linali litamanga zimbudzi zabwino pachilumbapo pofuna kupewa kolera. Koma alangizi a zaumoyo atapitako anapeza zimbudzizo zili mbee, zatsopano ngati zamangidwa dzulo, asodzi akupitabe kuseri kwa miyala. Atawafunsa, onse anati zimbudzi zili bwino kwambiri, zikomo. Khonsolo inafuna kudziwa chenicheni mvula isanayambe.

"Iyi ndi ya a Mustafa," anatero a Kaliza pamsonkhano. "Osati kuti ndikukupatulani, mayi Twaibu. Chakupatulani ndi chilumba."

Tausi anadziwa kuti ntchito yaikulu ngati imeneyo sidzabweranso nyengo yoyesa isanathe. Zimene anali atachita zinali zazing'ono, monga kusuntha mabenchi a pawindo la ziphaso kuti mzere usamatseke khomo. Mustafa akabwerako ku Mbenji ndi yankho, iye abwerera kukaingitsa akhwangwala ndi dipuloma m'manja.

"Bwana, ndipatseni ine," anatero. "Sindikatsika m'boti. Asodzi ndi amene azikabwera kwa ine."

Mustafa anaseka. "Achemwali, muli m'madzimo mukafunsa ndani? Akatumbu?"

"Bola akatumbu amayankha. Inu anthu aja akakuuzani kuti zili bwino, mukalemba kuti zili bwino."

A Kaliza anakanda chibwano. Kunena zoona, Mustafa anali kale ndi ntchito ya ngalande za kumsika, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti nyanja sankaikhumbira kwenikweni.

"Chabwino," anatero a Kaliza. "Koma mukabwerako chimanjamanja, musadzati Kaliza ndi woipa mtima."

Lachisanu Che Twaibu anabwera kumudzi kuchokera kuchilumbako, kumene ankasodza nyengo imeneyo, kudzaswali ku mzikiti waukulu. Atamva za ulendowo, anatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi.

"Ukufuna undichititse manyazi pamaso pa amuna onse a m'nyanja muno?"

"Sindikaponda, Ababa. Ngakhale mwala."

"Ndiye ukukafunsa chiyani?"

Apa Tausi anayang'ana pansi. Kwathu kuno mwana wamkazi sakamba za chimbudzi ndi bambo ake. Ngakhale dzina lake lenilenilo salitchula.

"Za nyumba zatsopano zija," anatero.

Che Twaibu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ukonde wawo uli ndi bowo lofunika kusoka nthawi yomweyo. Koma atabwerera kuchilumba anakauza akuluakulu a komiti ya asodzi, ndipo yankho linabwera pafoni: boti likhale m'madzi, phazi likhale m'boti.

Tsiku la ulendo Tausi anadzuka mosangalala. Anadya mandasi a amayi ake, n'kumwa tiyi wambiri kuti asamve njala panyanja. Anakwera galimoto mpaka kudoko la Chikombe, kumene anapeza a Godwin akumudikira. A Godwin anali bambo wa ku Chitala, Mkhristu, amene anasiya munda wa chimanga n'kukwatira injini ya boti la Che Twaibu. Anthu ankati injiniyo amaisisita kuposa akazi awo.

"Abwana afika!" anakuwa. "Khalani pakatipa, abwana. Nyanja lero yadzuka ndi mkwiyo pang'ono."

"A Godwin, ine ndine mwana wa msodzi."

"Eya, tiona."

Anaonadi. Mwana wamkazi wa msodzi amadziwa nyanja yofika m'mawondo, yochapiramo ndi kutsukiramo mbale. Nyanja ya mkati ndi ina. Inali nyengo ya mwera, mphepo ya kumwera imene imautsa mafunde ngati mizere ya m'munda. Boti linkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Gombe lisanabisike, mandasi a mayi Hidaya anali atabwerera kunyanja.

"Alhamdulillah, mwadyetsa nsomba," anatero a Godwin, amene anali atatola mawu a anzawo achisilamu. "Zikumbukira boma."

Tausi anangogwira mpango wake ndi dzanja limodzi, thabwa la boti ndi linalo.

Atafika, a Godwin anazungulira chilumba n'kukaponya nangula mbali ya kumpoto, kumene miyala imatchinga mwera. Kumeneko madzi anali ofatsako. Tausi anakweza mutu n'kuona misasa ya asodzi, matandala a utaka, ndipo chapamwamba pang'ono, zimbudzi zija zitandandalika, zitseko zake zobiriwira zikuwala padzuwa.

Mbiri inali itafika kale. Mabwato anayamba kubwera limodzilimodzi ku ofesi yoyandamayo. Ena anabwera kudzayankha, ambiri kudzangoona mwana wa Che Twaibu atakhala m'boti ndi chikwama cha boma.

"Salaam aleikum, agogo. Nyumba zija mukuziona bwanji?" Tausi anafunsa mkulu woyamba kufika.

"Zokongola, mwanawe. Penti wake sindinamuonepo."

"Nanga mumalowamo?"

"Malata akenso abwino. Sadontha."

Wina anati zimbudzizo n'zolimba. Wina anati amene anamanga Mulungu amudalitse. Wina anafunsa ngati boma lili ndi maganizo otsitsa mtengo wa petulo. Mkulu wina anamupatsa moni, kufunsa za amayi ake, kufunsa za minibasi za ku Senga Bay, n'kupalasa bwato kubwerera asanafunsidwe kanthu. Tausi anazindikira kuti walakwitsa pamene ankanyoza Mustafa. Anthuwa sakanatha kunyoza mphatso pamaso pa mlendo. Nanga pamaso pa mwana wamkazi wa mnzawo, nkhani yake n'kukhala imeneyo? Iye ndiye anali munthu womaliza m'dziko lonse amene akanamuuza.

Dzuwa linakwera. Pepala lake linali ndi mawu akuti "zili bwino" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndipo apa tiyi uja anayamba kulankhula.

Poyamba Tausi anasintha kakhalidwe. Kenako anapinda miyendo. Kenako anasiya kumva zimene anthu akunena. Zitseko zobiriwira zija zinali pompo, poti munthu akhoza kuponya mwala n'kufika. Panyanja yonse ya Malawi, munthu mmodzi yekha amene ankazifunitsitsa ndi mtima wonse anali iye, ndipo ndi iye yekha amene sankaloledwa.

A Godwin anaona. Anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

"Abwana, kuseri uko kuli kamwala kotuluka m'madzi. Ena amati si Mbenji kwenikweni, ndi mwana wake chabe. Ndikhoza kukutsitsani, ine n'kuyang'ana ku Mozambique."

Tausi anakayang'ana kamwalako. Anayang'ananso kuchilumba, kumene bambo ake anali atakhala pamthunzi ndi akuluakulu anzawo, maso onse ali paboti. Bambo akewo ndi amene anakamupemphera chilolezo. Akanatsika, ntchito akanaipeza kapena ayi, koma Che Twaibu sakanakhalanso pamthunzi umenewo.

"Ayi, a Godwin. Ndipirira."

"Ndiye tibwerere?"

Kubwerera kunali kupereka mpando kwa Mustafa. "Dikirani pang'ono," anatero, mano atalumana.

Nthawi yomweyo mawu a azana anamveka pachilumba, kuitanira swala ya masana. Mabwato onse anabwerera. Asodzi anasamba m'manja ndi kumapazi m'mphepete mwa madzi, n'kukwera pamwala waukulu wafulati. Anaima pamzere phewa ndi phewa, kuyang'ana ku Chibula, mbali ya ku Maka, kumene Msilamu aliyense amalozako nkhope poswali. Kuchokera kuno, kumeneko ndi chakumpoto.

Tausi analibe chochita koma kuyang'ana, poti kuyang'ana kunkamuiwalitsa mavuto ake. Anaona nkhope za anthu oswali zikuloza kumene kunali boti. Anakweza maso pang'ono. Zitseko zobiriwira nazonso zinkaloza kumene kunali boti. Mzere wa anthu pansi, mzere wa zitseko pamwamba, zonse kuyang'ana kumodzi, ngati nazo zaima pa swala.

"Asitafurulahi," ananong'ona.

Zimenezi anaziphunzira ku madarasa ali kamwana, tsiku lomwe anaphunzira kulowa m'chimbudzi ndi phazi la kumanzere. Msilamu sadzithandiza atayang'ana ku Chibula, kapena ataufulatira. Munthu akalowa m'zimbudzi zija n'kunjuta, nkhope yake inkaloza kuchitseko, ndipo chitseko chinkaloza ku Maka. Kwawo ku Senga Bay palibe mmisiri amene amachita kuuzidwa zimenezi, n'chifukwa chake iye sanaziganizirepo n'komwe.

"A Godwin, inu si Msilamu. Bwanji inuyo simulowamo?"

"Ife tinayesa masiku oyamba. Koma tili ochepa, ndiye mavu anaona kuti nyumba zilibe eni ake, anasamukiramo. Panopa ukatsegula chitseko amakufunsa chiphaso."

"Nanga anzanuwa bwanji sananene chowavuta?"

"Kunena kwa ndani? Munthu wakumangira nyumba yaulere, iwe ukamuuze kuti waipotoza? Ine ndimangoona akuzilambalala. Ndimayesa ndi mavu omwewo."

Swala itatha, Che Twaibu anapalasa bwato kubwera kuboti, atanyamula utaka wowotcha papepala. Anamuyang'ana mwana wawo, nkhope itatuwa, milomo itauma.

"Siginala wadwala," anatero. "Idya."

"Zikomo, Ababa. Ndidya kumtunda." Tsopano anafunika kufunsa popanda kufunsa. Anayang'ana m'madzi, nawonso bambo ake anayang'ana m'madzi mbali ina. "Ababa, nyumba zija zikanakhala kuti zitseko zake zikuyang'ana kuzambwe, kolowera dzuwa, kodi alendo bwenzi akulowamo?"

Che Twaibu anapalasa pang'onopang'ono kuti bwato lisatengeke.

"Inshallah, bwenzi akulowa," anatero. Anapalasanso kawiri. "Pakanakhalanso birika ya madzi pakhomo, bwenzi akulowa mothamanga."

Anatembenuza bwato, koma ali chapatali anakuwa osacheuka: "Godwin! Mwanayo mufikitse kumtunda msanga. Injiniyo usaimvere chisoni lero."

A Godwin sanaimvere chisoni. Boti lisanakhudze bwino mchenga wa ku Chikombe, Tausi anali atadumphira m'madzi ndi nsapato za ku ofesi zomwe, n'kuthamangira kunyumba yoyamba imene anaiona. Mayi wa panyumbapo, a Zuleka, mpaka lero amati sanaonepo wa boma akupereka moni wamfupi chotero.

Asanalembe lipoti, Tausi anafufuza mmisiri amene anamanga zimbudzi zija. Anali bambo wa kumtunda, wodziwa ntchito yake. Anati analozetsa zitseko kumpoto dala, kuti mwera usamazimenyetse n'kuzithyola. Tausi analemba zimenezo momveka bwino, kuti wina asadzanene kuti mmisiri anali wopusa. Kenako analemba zoyenera kuchita: kutseka makomo a kumpoto, kuboola ena kuzambwe, kutembenuza popondera, kuika birika ya madzi odzitsukira pakhomo lililonse, ndipo ulendo wina pomanga chilichonse kunyanja, kuyamba kufunsa eni ake kuti chiyang'ane kuti.

A Kaliza anawerenga, kutembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli zina, n'kuvula magalasi.

"Basi? Zitseko?"

"Zitseko, bwana."

"Ine ndimayembekezera kuti mundiuza za maphunziro a ukhondo, misonkhano, zikwangwani. Ndipo mwaziona muli m'boti?"

"Ndikanakhala pamtunda sindikanaona, bwana. Bwenzi ndili kalikiliki kusuzumira m'kati."

Bungwe lija linavomera kukonza. Mvula isanagwe, Che Twaibu anabwera kumudzi Lachisanu lina, n'kukhala pabwalo ndi ukonde wawo. Anasoka kanthawi, kenako analankhula ngati akuuza ukondewo.

"Mavu asamuka. Alendo ayamba kulowa. M'mawa pamakhala mzere."

Mpando unapita kwa Tausi. Mustafa anamugwira chanza n'kunena kuti m'banja mwawo monse ndi iye yekha amene analandidwa ntchito ndi chimbudzi. Posakhalitsa anapeza malo ku khonsolo ina, ndipo amaimbirana foni mpaka pano.

Tausi anagwira ntchitoyo zaka zingapo. Anakwatiwa ndi Anwar, makaniko wa njinga zamoto, anabereka ana awiri, n'kumaliza digiri yake pophunzira Loweruka ndi Lamlungu. Ankayenda m'misika, m'zipatala zazing'ono ndi m'madoko, ndipo paliponse ankayamba wakhala kaye phee pakona n'kumayang'ana, asanatulutse cholembera. Achinyamata obwera kudzaphunzira ntchito ankawauza kuti mapepala a sukulu ndi ofunika, popanda iwo pageti sudutsa, koma munthu akakuyankha kuti zili bwino, usathamangire kulemba. Asodzi ankamutcha Mayi Zitseko. Ku Mbenji sanabwererenso, ndipo tiyi wa m'mawa anamuchepetsa.

Chaka chathachi anamukweza udindo n'kumutumiza ku boma lina la kumapiri, kumene kuli dothi lofiira ndi chisanu. Masana a tsiku lotsanzikana, pabwalo la Che Twaibu panadzaza anthu. Amayi anaphika mpunga, ana ankathamangitsana pakati pa matandala. Akuluakulu a komiti ya asodzi anabwera ndi a Godwin, amene tsopano imvi zinali zitayamba.

"Abwana, anzangawa andituma," anatero a Godwin. "Akuti mutchule mphatso. Utaka thumba lonse? Chambo? Kapena tikukwezeninso boti komaliza, mukatsanzike nsomba zanu zija?"

Anthu anaseka. Tausi anaseka nawo, mwana wamng'ono ali pamiyendo. Anayang'ana nsapato zake, kenako anayang'ana bambo ake.

"Nsomba kumapiri zimafika pa minibasi," anatero. "Ngati akuluakulu angalole, ndipo ngati njoka sizingadandaule, munditapireko mchenga wa ku Mbenji. Wochepa chabe, wa m'kabotolo. Ndikauthire m'nsapato tsiku loyamba, ndiupondeko nanenso."